Bambo Anga, Paipi ndi Mitima ya Mbuzi

Chaka chimene anandisankha kukaphunzira kujambula mtima kudzera kummero ndi chaka chomwechonso chimene bambo anga anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti iwo paipi sadzameza. Nkhani ziwirizi zinalowa m'nyumba mwathu ku Budiriro, dera la m'tauni kuno kwa Ashona, motsatizana, ina ikundivinitsa, ina ikundizunguza mutu, ndipo paipi yake inali imodzimodzi.

Ine ntchito yanga ndi yogonetsa odwala pa opaleshoni. Ndine dokotala ndithu, sukulu yake ndinaimaliza, koma bambo sanagomepo nayo. Ankati, "Anzako amachiza anthu, iwe umangowagoneka. Ntchito imeneyo mayi ako anaigwira pa iwe zaka zambiri opanda pepala lililonse." Ndikapsa mtima iwo ndiye ankakondwa, chifukwa mtima wapachala umenewu ndinatengera kwa iwo omwe.

Tsiku limene ndinamva kuti ndili m'gulu la ophunzira ndinatsika kombi isanaime bwino. Ndinathamanga kudutsa mzere wa anthu otunga madzi pa mjigo wa pafupi ndi kwathu, chikwama chikundimenya kumsana, munthu wamkulu ndithu wolemekezeka ku chipatala, n'kulowa pageti ndikufuula ngati ndalumidwa ndi mavu. Amayi anataya tsache poganiza kuti kwagwa zovuta. Nditawauza kuti nkhani ndi yabwino anaimba kaye nthungululu, kenako n'kufunsa kuti nthungululuyo ndi ya chiyani.

Ndinawafotokozera chonchi. Pali paipi yakuda, yofewa, yonenepa ngati chala chamkombaphala, ndipo kunsonga kwake kuli kadiso ka makina a sikani, ofanana ndi aja amaonera mwana m'mimba. Wodwala amameza nsongayo. Njira ya chakudya imadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima, mogundana nawo, choncho kadisoko kakafika pamenepo kamaona zipinda zonse za mtima ndi tizitseko take popanda nthiti kapena mapapo kutchinga. Ife ogonetsa timaphunzira luso limeneli chifukwa pa opaleshoni ya mtima ndife timaima kumutu kwa wodwala. Dokotala wong'amba akamaliza kusoka, ndife timayang'ana pa sikirini n'kumuuza ngati pomwe wakonzapo pagwira kapena pakudonthabe.

"Ndiye kuti tsopano uziwagoneka n'kumawasuzumiranso m'kati," anatero bambo. "Ulemu wathera pamenepo."

Pasanathe milungu yambiri, nthabwala ija inawatembenukira. Kuyambira nyengo yozizira bambo ankachita wefuwefu akanyamula chidebe kuchokera pa mjigo, mtunda woti kale ankauyenda akuimba. Mapazi ankatupa madzulo mpaka nsapato kukana. Ndinawakoka kupita nawo kwa dokotala wa mtima ku chipatala chachikulu m'tauni, ndipo iye anamva zomwe ine ndinkaopa: kachitseko kamodzi ka kumanzere sikankatseka bwino, magazi ankabwerera m'mbuyo. Anayesa kujambula pachifuwa koma chithunzi chinali chifunga chokhachokha. Bambo anakulira pa pulazi, makolo awo atachokera ku Malawi, ndipo anasonkhezera moto m'mabalani a fodya kuyambira unyamata wawo mpaka pomwe tinasamukira m'tauni. Mapapo awo anafufuma ndi utsi umenewo n'kuphimba mtima. Dokotalayo anati anzake a opaleshoni sangagwire mpeni asanaone bwino kachitsekoko, ndipo njira yoti akaonere ndi imodzi yokha, ya kummero. Anawonjezera kuti kuchedwa kuli ndi malire ake, mtima ukatanuka kwambiri subwereranso.

Bambo anamvetsera mwaulemu wonse, anathokoza, anavala chipewa n'kutuluka. Ndinawapeza panja akugula nthochi.

Paipiyo anaikana, ndipo chifukwa chake anatiuza kunyumba. Pa pulazi paja, ng'ombe ikatupidwa ndi msipu wauwisi ankailowetsa paipi pakamwa mpaka m'mimba kuti mpweya utuluke, kenako n'kuthiramo mankhwala. Bambo ankagwira nawo mutu wa ng'ombeyo. Tsiku lina paipi inasochera, inalowa njira ya mpweya, mankhwala onse anathera m'mapapo, ndipo ng'ombe yabwinobwino inafera m'manja mwawo ikuwayang'ana.

"Njira n'ziwiri pakhosi apa, ndinaziona ndi maso angawa," anatero akudziloza. "Wogwira paipi uja analinso katswiri, anali ndi ovololo yoyera ngati yakoyo. Ine si ng'ombe. Pammero panga pamadutsa chakudya basi."

Ndinakalipa. Ndinanena za mabuku, ndinanena za anthu okalamba kuposa iwo amene ndinawaona akumeza paipiyo n'kupita kwawo tsiku lomwelo, ndinanena kuti akufuna kutisiya amasiye chifukwa cha ng'ombe ya mzungu yomwe inafa ine ndisanabadwe. Iwo ankangosenda nthochi. Amayi anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine n'kuyankha kuti nkhono yawoyo ikutupa mapazi. Ndinali ndi mantha, n'chifukwa chake ndinkalusa.

Kusukulu nakonso zinthu sizinkayenda. Tinkaphunzirira pa chidole chachikulu cha labala, chogona kukamwa kuli yasa, chimodzi chokha gulu lonse, moti aliyense ankachigwira kanthawi kochepa mnzake akumupumira m'khosi. Chogwirira paipi chili ndi timagudumu topindira nsonga ndi kabatani kotembenuzira diso. Zala zanga zinazolowera msanga. Chimene chinakana ndi mutu. Mabuku onse amene ndinawerenga chiyambire sukulu amajambula mtima mouyang'ana kumaso, pomwe kadiso aka kamauona kuchokera kuseri, ndipo pa sikirini chipinda chimene chili kumbuyo ndicho chimabwera pamwamba. Ine kumanja ndinkati kumanzere, kutsogolo ndinkati kumbuyo, ndipo ndinkanena molimba mtima mpaka anzanga kubisa nkhope. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi wa imvi amene sankakweza mawu, anandiuza tsiku lina kuti ndikapitiriza chonchi ndidzalamula dokotala wa opaleshoni kusoka kachitseko kabwinobwino. Anandilangiza kuti ndikagule mtima wa mbuzi wosadula, wokhala ndi mapapo ake ndi njira zonse za pakhosi, ndikaugwire ndi manja, ndiziucheka momwe makina amachekera chithunzi.

Loweruka m'mawa ndinali pa msika wa ku Mbare. Mayi wogulitsa zam'kati anatola mtima wonona n'kukweza mpeni kuti achotse mapaipi onse, monga amachitira kwa kasitomala womulemekeza. Ndinamugwira dzanja.

"Ayi mayi, musadule chilichonse. Ndikufuna wonse, ndi mapapo, ndi kholingo, ndi m'mero womwe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "ngati ndi mwamuna wakuthawa, mbuzi siimubweza. Ndinayesapo ine."

Ndinaseka mpaka kutsamira tebulo lake, ndipo mu kombi monse ndinkangophulika ndekha, jumbo ya zam'kati ili pamiyendo, amene ndinayandikana nawo akusunthira kuzenera.

Koma ndinali nditaiwala lamulo la kwathu. M'nyumba mwathu chiweto chikaphedwa kapena zam'kati zikagulidwa, mtima ndi wa bambo. Amaudula okha, amadya okha. Amati mtima amadya wosunga nyumba, bambo awo ankateronso ku pulazi, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanaulaweko, ngakhale wa nkhuku. Ndinaika jumbo kukhitchini kuti ndikasambe m'manja. Madzi mu ndowa anali atatha, ndinapita kukapempha kwa aneba, ndipo kumeneko ndinachedwa ndi kuwasimbira za mayi wa ku Mbare. Pobwera ndinapeza amayi atatsuka zonse, mapapo ali mu poto, mapaipi aponyera galu, ndipo bambo akhala pa mpando wawo akudula phunziro langa m'timagawo tokongola tofanana, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Ndinakuwa mpaka galu anasiya kudya. Amayi anati iwo anaona ngati mwana wawo wakumbuka makolo. Bambo anati mtima wolowa pageti lawo ndi wawo, kaya wabwera ndi dokotala kaya ndi bishopu. Titakangana mokwanira tinagwirizana chonchi: Loweruka lililonse ndizibweretsa mtima, ine ndiziloza podula, mpeni azigwira iwo, ndipo phunziro likatha nyama izipita kwa mwini wake. Kusunga sikukanatheka. Magetsi ku Budiriro ndi alendo, firiji yathu timaikamo mbale.

Loweruka lotsatira tinayala zonse pa tebulo panja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Bambo anatola kholingo n'kuyendetsa chala pa timphete take tolimba. "Nayi njira inapha ng'ombe ija." Ndinawaonetsa inzake, yofewa, yogona kuseri kwake, ndipo ndinalowetsamo kapaipi ka diripi pang'onopang'ono mpaka nsonga yake inatukula pomwe m'mero umakhudzana ndi mtima. Ndinawauza kuti ng'ombe ankaikankhira paipi ikulimbana nawo, pomwe munthu amameza yekha, ndipo paipi ikangokana ngakhale pang'ono sitikakamiza. Ndinatinso paipi ya ng'ombe ija inalibe diso, yathuyi imaonetsa pomwe yafika. Anangoti, "Hmm," n'kufunsa kuti adule pati.

Apa m'pamene vuto langa linaonekera poyera. Ndinkatembenuza mtimawo uku ndi uku, kuyang'ana m'buku, kuloza, kusintha maganizo, kulozanso. Bambo anatopa ndi kudikira mpeni uli m'manja. Kuti andinyoze, ananyamula mtimawo n'kuugunditsa pachifuwa pawo, n'kuyamba kuvina nawo mozungulira tebulo, akuti mtima watsopano aupeza, za chipatala zatha. Povina paja anandifulatira, ndipo maso anga anadutsa pamwamba pa phewa lawo n'kugwera pa mtima wa mbuzi uja.

"Imani pomwepo! Musatembenuke!"

Ndinawakumbatira chakumbuyo, chibwano paphewa pawo. Ndinali ndaima pomwe pamakhala kadiso kaja. Chipinda chakumbuyo chinali pafupi ndi ine, ndicho chimabwera pamwamba pa sikirini, ndipo zinazo zinangokhala m'malo mwake kamodzi n'kamodzi. Ndinalumpha, ndinafuula mayina a zipinda m'Chingerezi, ndinavina ndi bambo, mbuzi ili pakati pathu, galu akutizungulira ndi chiyembekezo. Amayi atatuluka anangogwira pakamwa. Malaya oyera a bambo anali magazi okhaokha.

"Nanga zimenezi mpaka sukulu?" anatero amayi nditawafotokozera chimene ndatulukira. "Si mmene amakhalira mwana wa kumsana? Chotsani malayawo ndiviike."

Kuyambira pamenepo Loweruka linasanduka chionetsero. Bambo ankagona pa benchi chammbali, kugonera kumanzere monga amachitira odwala. Paipi yothirira dimba, yomwe inali itaiwala kale maonekedwe a madzi a pampopi, ndinkailowetsa pakolala kumbuyo kwa malaya awo kuti itsike ndi msana. Amayi anali sikirini. Ankaima kutsogolo ndi thireyi yawo ya alendo, pomwe tinayala magawo a mtima monga bambo anawachekera, ndipo ine ndikakankha paipi kapena kuipotoza ndinkatchula chimene ndikuyenera kuona, iwo n'kukweza gawo lake. Mayina a m'buku anawakana, anapeka awoawo. Gawo looneka zipinda zonse zinayi analitcha nyumba ya kanselo. Lozungulira la bowo pakati, limene limaoneka paipi ikafika m'mimba, linali donasi. Panalinso kukamwa kwa nsomba. Akalakwitsa sankavomera, ankati magetsi azima.

Bambo udindo wa wodwala anaugwira mwakhama. Ankaliza mkonono woti mbalame n'kuthawa mumtengo, kenako n'kutsegula diso limodzi. "Adokotala, mwasochera. Muli m'thumba la buluku."

Mpanda wathu ndi wa waya, ndipo mzere wa pa mjigo umadutsa pomwepo. Anthu anayamba kusiya zigubu pamzere kudzasuzumira. Ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Chiremba vapenga," m'Chishona, kutanthauza kuti dokotala mutu wasokonekera, wina n'kuyankha kuti ayi, ndi mankhwala a kwawo ku Malawi amenewo. Bambo atamva anawonjezera mkonono n'kuyamba kuphiriphitha miyendo. Ine ndinkaseka mpaka misozi, paipi ikugwedezeka m'manja, amayi akundikalipira kuti ndifulumire, sikirini yatopa mikono.

Chilango chinali pa chakudya. Mtima Loweruka lililonse, wopanda mchere, chifukwa ndinali nditaletsa mchere kwa munthu wotupa mapazi. Poyamba bambo ankadya monyadira. Patapita milungu ankautafuna pang'onopang'ono, maso ali pa ndiwo zathu. Amayi ankawafunsa mokoma ngati tingawathandizeko, iwo n'kukana, poti lamulo ndi lawo lomwe. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo a mwana," amayi ankatero akuwawonjezera.

Za chipatala sindinazitchulenso, ndipo kudziletsa kumeneko kunali kovuta kwa munthu wa pakamwa ngati ine. Koma ndikawerama kumsana kwawo ndi paipi ija ndinkamva kapumidwe kawo. Kuseka kwawo kunkathera m'kutsokomola. Loweruka lina anapempha mtsamiro wachiwiri, akuti benchi lawuma, pomwe ine ndinkadziwa kuti ndi mpweya umene wayamba kuwathera akagona chathyathyathya. Ndinawabweretsera mtsamirowo. Kuseka ndinkaseka ndithu, sikunali konamizira, koma mantha sanachoke, ankangodikira kuti timalize.

Kusukulu mphunzitsi anaona kusintha. Pa mayeso a pa chidole, chithunzi chilichonse chimene anaitanitsa ndinachipeza, ndipo m'mutu mwanga ndinkangoona amayi akukweza thireyi. Kamodzi ndinatsala pang'ono kunena kuti nyumba ya kanselo pamaso pa anthu. Pomaliza anandifunsa kuti ndadya chiyani. Ndinati ine sindinadye kanthu, akudya ndi bambo anga. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kuvula magalasi, munthu amene tinkati kuseka sakudziwa.

Ndinafika kunyumba ndikuthamanganso. Bambo atamva kuti ndakhoza anaimirira n'kugwira amayi chanza. "Takhoza," anatero, ngati ine palibe. Kenako anakhala pansi, anapuma kaye, n'kulankhula akuyang'ana kumpanda.

"Paipi yako ija ndimeza. Koma woigwira ukhale iwe. Dzanja lako ndalimva kumsana kuno, silikankha."

Chimwemwe chinandikwera n'kutsika nthawi yomweyo. Dokotala saloledwa kugwira mbale wake pa zinthu zotere, ndipo lamulo limeneli ndi labwino, chifukwa pa kholo lako dzanja limanjenjemera. Komanso ine ndinali nditangokhoza kumene pa chidole, pa anthu ndinkagwira mphunzitsi ataima pambali. Nditawauza anakwiya zenizeni.

"Ndiye mbuzi zonsezi ndadyera chiyani? Zopanda mchere!"

"Adzagwira ndi aphunzitsi anga, bambo. Amene anandiphunzitsa ine."

"Anakuphunzitsa ndine ndi mayi akowa. Ameneyo ndikamuone kaye."

Anavala jekete yawo ya maliro ndi maukwati. Mphunzitsi wanga anawalandira m'kachipinda kake, anaomba m'manja mwaulemu wa Chishona n'kuwatchula kuti baba. Bambo anakhala mowongoka ngati iwo ndiwo akulemba munthu ntchito.

"Pepani mayi, ndifunse. Inuyo mwaphunzira pa mbuzi zingati?"

Ndinasowa kolowera. Mphunzitsi anaganiza kaye. "Hapana, baba. Ngakhale imodzi."

Bambo ananditembenukira atatong'ola maso, ngati ndawabweretsa kwa munthu wongotola mumsewu. Mphunzitsi anapitiriza osaseka ngakhale pang'ono. Anati mbuzi alibe, koma anthu wawajambula ambiri, kuyambira ine ndisanalowe sukulu ya udokotala. Ndipo popeza katswiri wa mbuzi ndi mwana wawoyu, adzaima pa sikirini n'kumanena chilichonse chimene akuona. Paipi ikasochera, woyamba kukuwa adzakhala iyeyo.

"Kukuwa amatha," anatero bambo. Anatembenuza chipewa pabondo. "Chabwino. Koma musakankhe. Ikakana, mubwerere."

"Ikakana tibwerera," anatero mphunzitsi.

Tsikulo anafika m'mawa osadya kanthu, akudandaula za tiyi njira yonse. Anavula mano awo oikirira n'kundisungitsa m'kambale. Atawapopera mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi anachita tsinya, n'kugonera kumanzere okha asanauzidwe, mawondo atapinda bwinobwino, mpaka namwino anafunsa ngati anayamba ajambulidwapo. Mnzanga wina wogonetsa anawabaya mankhwala owodzeretsa pang'ono. Ine ndinaima pa sikirini. Mphunzitsi anaika nsonga ya paipi pa lilime lawo nati, "Medzai, baba." Bambo anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu. Anameza.

Sikirini inayamba yachita mdima, kenako mtima wa bambo anga unatulukira, wooneka bwino mbali zonse, chifunga chija palibe. Pofika tsikulo ndinali nditaona mitima yambiri, ya labala, ya mbuzi, ya anthu osawadziwa. Uwu unkagunda mwakhama, mopupuluma pang'ono. Chipinda chakumbuyo chinali pamwamba, pomwe amayi ankachiika, chokula kuposa muyeso. Pansi pake kachitseko kaja kankatseguka n'kutseka, koma mbali yake imodzi inkapitirira, ikukupiza ngati nsalu yoyanika pa chingwe, chifukwa kamtsempha koigwira kanali kataduka. Mphunzitsi atayatsa mitundu, magazi obwerera m'mbuyo anaoneka poyera pa kugunda kulikonse.

"Tiuze ukuona chiyani," anatero, monga ankachitira m'kalasi.

Ndinanena zonse mwadongosolo, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Iye anatembenuza diso uku ndi uku, anatsikira m'mimba, anabwerera, n'kuyeza. Kenako anati mtima sunatanuke mopitirira, ndipo kachitseko kotere kamasokeka, sikafuna kuchotsa. Misozi inanyowetsa chophimba kukamwa changa. Nthawi yomweyo bambo anayamba kuliza mkonono weniweni, kamkonono kaulemu kapansipansi, kosafika n'komwe pa uja wa pa benchi, ndipo ndinayamba kuseka ndikulira mpaka namwino anandikokera mpando.

Atatsitsimuka anayang'ana uku ndi uku. Mawu anali atasasa.

"Nanga ayamba liti?"

"Amaliza kale, bambo."

"Usandinamize." Anagwira pakhosi. "Sinasochere?"

"Sinasochere."

"Ndiye unauona?"

"Ndauona."

"Uli bwanji?"

"Wamakani ngati mwini wake. Koma ukonzeka."

Anatseka maso kanthawi. "Ndipatse mano anga," anatero, "ndi tiyi." Mano ndinawapatsa. Tiyi anadikira mpaka dzanzi litatha kukhosi, ndipo anauza wodi yonse kuti mwana wawo akuwapha ndi njala.

Kachitsekoko anakasoka mvula itayamba, ndipo lero bambo amakanganiranso malo pamzere wa pa mjigo. Koma chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi Loweruka la sabata yomwe anameza paipi. Sukulu ya mbuzi inali itatsekedwa, komabe mapazi anandifikitsa okha ku Mbare, ndipo mayi uja anali atandisungira kale mtima pambali. Anandifunsa monong'ona ngati mbuzi zagwira ntchito. Ndinati zagwira. Anaomba m'manja nati ndidzamuphunzitse kachitidwe kake.

Bambo anaudula okha monga mwa nthawi zonse, amayi anaphika. Titakhala pa tebulo, bambo anakoka kambale kawo ka mtima, anakayang'ana, kenako anakakankhira kwa ine. Amayi chipande chinawaimira m'mwamba. Ine ndinaganiza kuti kukhosi kukuwawabe, ndipo ndinayamba kufunsa mafunso a udokotala.

"Kukhosi kuli bwinobwino," anatero. "Bambo anga anandipatsa mtima tsiku limene anaona kuti nyumba ndingaisunge. Iwe wanga wauona kale, ndipo sunathawe. Idya."

Ndinadya. Unali wolimba, wopanda mchere monga ndinalamulira ndekha, ndipo bambo anandiyang'anira mpaka ndinaumaliza wonse, dzanja lawo likusendera pang'onopang'ono ku ndiwo za amayi zamchere.